Iguputo wa Bambo Anga

Kwathu mawu akuti Iguputo sankatanthauza dziko. Ankatanthauza esiteti ya fodya ya kuseri kwa Kasiya, kumene bambo anga anagwirako utenanti atachoka kwawo ku Phalombe. Dzina lake lenileni linalipo, lolembedwa pachikwangwani cha pageti, koma matenanti sankalitchula. Iwo anamva kutchalitchi za dziko limene anthu ankaumbitsidwa njerwa mwaukapolo, n'kuyang'ana zigafa, kapitawo ndi phoso la mgaiwa, n'kuona kuti dzikolo silili kutali. Ndiye bambo akati "nthawi imene tinali ku Iguputo," aliyense pakhomo ankadziwa kuti akunena zaka za fodya.

Ine ndinabadwira kumeneko. Mayi anga anamwalira komweko ndikukwawa, ndipo anaikidwa pakamanda ka matenanti m'mphepete mwa dambo, poti midzi yozungulira inali ndi manda ake ndi zochitika zake kumandako, zimene mlendo salowerera. Patapita nyengo bambo anachoka paesitetipo osatsanzika, ine ndili kumsana, ndipo munthu wochoka motero sankabwererako kukacheza. Anakwatira mayi ena kufupi ndi Nambuma, n'kukhala mkamwini. Mayi amenewa ndiwo anandilera, ndipo anandilera bwino. Koma mkamwini sayamba nkhani ya manda a mkazi wake woyamba ali pakhonde la wachiwiri. Nkhaniyo inangokhala chete, ine n'kukula, n'kuphunzira, n'kukhala mlangizi wa zaulimi, osadziwa pamene anagona mayi wondibereka. Amene ananyamula malirowo anabalalika kalekale. Wodziwa malowo anatsala mmodzi, bambo anga, ndipo maso awo anali atayamba kuchita ng'ala.

Chaka china kuntchito anandisankha kuti ndikaphunzire za ulimi wothirira kunja. Ndinakwera njinga yamoto kukawauza bambo. Ndinawapeza kuseri kwa nkhokwe akusenda mtedza, ntchito imene manja amaigwira okha popanda maso.

"Bambo, mwezi wamawa ndikupita ku Iguputo."

Anasiya kusenda. Anatembenukira kukhitchini kumene kunali mayi, kenaka anatsitsa mawu.

"Nawenso wamva eti, kuti anagulitsa? Akuti pageti palibenso mlonda. Mvetsera bwino. Ukadutsa chigafa chomaliza, utsike ngati ukupita kudambo. Upeza mkuyu waukulu. Ukaima pamkuyupo uyang'ane kuchulu..."

Zinanditengera kanthawi kuti ndimve zimene ankanena. Nkhope yawo inali itawala mwa mtundu umene sindinauonepo.

"Ayi bambo, ndikunena Iguputo weniweni. Wokwera ndege."

"Weniweni ndiye uti?"

"Wa kutchalitchi uja."

Anatola mtedza wina.

"Kodi dziko lija lilipobe? Ine ndimayesa linathera m'madzi." Anasenda, n'kuponya makoko pambali. "Pita bwino, mwana wanga. Ukadzabwera maso akadalipo, tidzaona."

Ku Kairo tinafika masana. Ndinali nditakonzekera kutentha, koma sindinakonzekere phokoso. Madalaivala a kumeneko amayendetsa ndi hutala, ndipo munthu woyenda pansi amangolowa mumsewu magalimoto akubwera, n'kuwoloka mwa chikhulupiriro. Tsiku loyamba ndinaima pambali pa msewu mpaka mayi wina wokalamba, atanyamula thumba la anyezi, anandiyang'ana mwachisoni n'kundikodola kuti ndimutsate. Ndinawoloka nditabisala kumbuyo kwake, ine mwamuna wamkulu wa ndevu.

Anatigoneka panyumba ya alendo ya sukulu imene tinkaphunzirako, anthu ochokera m'mayiko osiyanasiyana a mu Afirika. Anatipatsa wotiperekeza, bambo wachikulire wa dazi amene ankasuta ndudu ina pamwamba pa inzake. Fodya wake ndinkamununkhiza ndi chidwi cha mwana wa tenanti, ndikudzifunsa ngati tsamba lina mmenemo silinachoke kwathu. Iyeyu ndiye ankatimasulira zonse. Nditamufunsa chifukwa chake nyumba zosanja zambiri zili zosamaliza, zitsulo zili njo pamwamba, anati mwini wake akudikira kuti mwana wake wamwamuna akwatire, adzamange pamwamba pa bambo ake. Ndinamuuza kuti kwathu mwamuna akakwatira amapita kukamanga kwa mkazi. Anandiyang'ana ngati ndamuuza za ngozi.

M'mawa uliwonse ankatipatsa nyemba ndi buledi wophwatalala. Kwathu munthu akadya nyemba m'mawa ndiye kuti ndi zotsala za dzulo, koma kumeneko amachita kuzidzukira. Buledi ameneyu anyamata amamunyamula pathandala lalitali pamutu, atakwera njinga, akudutsa pakati pa mabasi. Ndinkadikira tsiku loti wina agwetse, koma sindinalione.

Pakona pa msewu wathu panali bambo wogulitsa tiyi wa m'matambula aang'ono, wa shuga wambiri moti supuni ikhoza kuima. Tsiku lina anandifunsa kwathu. Nditati Malawi anakuwa ndi chimwemwe, n'kundigwira dzanja, n'kuyamba Chiarabu chothamanga. Wotiperekeza uja anaseka mpaka kutsokomola. Anati kummwera kwa dzikolo, m'mbali mwa mtsinje wa Nailo, kuli tauni imene dzina lake limamveka chimodzimodzi, ndipo mkazi wa bamboyo ndi wa kumeneko. Akufunsa ngati ndikuwadziwa apongozi ake. Ndinati amuuze kuti palibe chodabwitsa, ifenso tili ndi Iguputo wathu kuseri kwa Kasiya. Wotiperekezayo sanamasulire. Anaganiza kuti Chingerezi chandisokonekera. Kuyambira tsiku limenelo bambo wa tiyi ankandipatsa moni ngati mlamu wake, ndipo ine sindinamukonze.

Zimene anatitumira tinaziona. Tinkakwera basi kupita kuminda, kumene madzi a Nailo amayenda m'ngalande zikuluzikulu, kulowa m'zing'onozing'ono, mpaka kufika pamzere wa munthu. Dothi lake ndi lakuda bii. Munda sugona: akachotsa tirigu abzala chimanga, akachotsa chimanga abzala msipu wa ziweto, umene abulu amaunyamula mpaka bulu osaoneka, kungoona mulu wa masamba ukuyenda. Amaweta njati ngati ng'ombe, n'kumazikama. Mlimi wina anandifunsa kuti madzi timawatenga kuti. Nditamuuza kuti timadikira mvula, anafunsa kuti nanga ikapanda kubwera. Ndinati timapemphera, kenaka timadandaula pawailesi. Anagwedeza mutu. Iye mvula ankaidziwa ngati chinthu chimene chimadetsa galimoto kamodzi pakanthawi.

Chimene chinandikhala m'mutu ndi malire. Kobiriwira kumatha mwadzidzidzi, chipululu n'kuyamba pomwepo, moti ukhoza kuponda nyemba ndi phazi lina, lina lili pamchenga. Wotiperekeza anati makolo awo akale ankaika akufa kumchengako, chifukwa palibe mlimi amene angapereke dothi lobereka kwa munthu amene sadyanso. Ndinaona kuti eni esiteti ya kwathu ankaganiza chimodzimodzi: matenanti ankawaika m'mphepete mwa dambo, pamene fodya sachita bwino. Kusiyana kwake n'kwakuti mchenga palibe amene amaufuna, pamene dambo anthu ogula malo masiku ano amalilima mpaka kumadzi. Ndinali mlangizi, ndinkadziwa bwino zimene khasu limachita ndi mtumbira wopanda mwini.

Tsiku lina pobwerera basi inadutsa m'mbali mwa manda aakulu a mumzindawo, aatali moti maso safika kumapeto. Manda ake ndi tinyumba ta mipanda ndi zitseko. Ndinaona zovala zoyanikidwa pachingwe. Ndinaona ana akusewera mpira, mayi akuphika, ndi dishi ya kanema padenga. Wotiperekeza anati inde, anthu amakhala mmenemo, ena anabadwira momwemo, ndipo akufa savutitsa ngati eni nyumba za lendi. Anzanga a m'basi anathamangira kumawindo, akuloza uku ndi uku. Ine manja anali pamiyendo, ndipo ndinazindikira kuti ndawafumbata.

Zimenezi zinachokera kwa bambo. Ndili mwana tinkapita kumsika wa ku Nsaru pa njinga, ine pakaliyala. Tikudutsa nkhalango ina yowirira pakati pa minda ndinaloza n'kufunsa chifukwa chake mitengo ija sadula. Bambo anaimitsa njinga n'kundimenya padzanja. Anati amenewo ndi manda, ndipo manda saloza ndi chala, chala chimawola. Ngati kuli kofunika kwenikweni, umaloza ndi chibakera. Ndinakula, ndinawerenga mabuku, ndinadziwa kuti chala chimawola ndi matenda osati ndi mitengo, koma dzanja silinawerenge nawo mabukuwo.

Kumapeto kwa maphunziro anatitengera kumapiramidi. Munthu umaganiza kuti ali kutali m'chipululu, koma mzinda unawafika kale m'khosi. Umatsika basi pafupi ndi malo ogulitsa nkhuku yokazinga, n'kutembenuka, ndi awo. Kukula kwake sindingakufotokoze, ndipo sindiyesa. Mwala umodzi wa pansi unkandifika pachifuwa. Ndinaima n'kumaganiza za anthu amene anakoka miyalayo, ngati nawonso ankalandira phoso, ndiponso ngati anali ndi dzina lawo lachinsinsi la malowo.

Sanandipatse nthawi yoganiza. Eni ngamila anatizinga, wina akundiveka nsalu kumutu ndisanavomere, wina akunditchula dzina la wosewera mpira wakuda aliyense amene ankamudziwa. Ngamila ndinakwera. Imadzuka ndi miyendo yakumbuyo poyamba, ndipo ulemu wonse wa munthu umathera pomwepo. Nditatsika, mnyamata wojambula anandiimika pamalo ena, n'kundigwira mkono, n'kuukweza, n'kuutsitsa pang'ono, n'kundiwongola chala. Aliyense ankajambulitsa motero. Chithunzi chikatuluka chimaoneka ngati wagwira nsonga ya piramidi ndi chala chimodzi. Changa chinatuluka bwino kwambiri, ndikumwetulira mano onse.

Kenaka tinalowa mkati mwa imodzi, titawerama, m'kanjira kotsetsereka kotentha, fungo la thukuta la anthu a mayiko onse. Kumapeto kunali chipinda, ndipo m'chipindamo munali bokosi lamwala lopanda kanthu. Ndipamene zinandifika bwinobwino kuti phiri lonseli ndi mtumbira wa munthu mmodzi, ndipo ine ndangouloza ndi chala, ndikuseka, n'kulipira wojambula.

Mafumu akale a dzikolo tinakawaona kunyumba yosungiramo zinthu zakale. Agona m'magalasi, m'chipinda chozizira, aliyense dzina lake lili pambali. Wina tsitsi likadalipo. Wina zikhadabo za kumapazi zikuoneka. Anthu ankadutsa pamzere mwakachetechete, ngati poona nkhope pamaliro, kungoti palibe amene ankalira. Ndinachita manyazi kuyang'ana munthu wamkulu atagona chomwecho popanda wachibale pafupi. Koma ndinachitanso nsanje, ndinene zoona. Munthu anafa zaka zikwi zingapo zapitazo, koma dzina lake, nkhope yake ndi malo ake zikudziwika kwa mlendo wochokera ku Nambuma. Mayi anga anamwalira dzulodzuloli, ulendo wosakwana tsiku kuchokera pakhomo pathu, ndipo malo awo anali m'maso awiri amene ankazima. Titabwerera kogona ndinapita pampopi wa panja n'kusamba m'manja ndi kumapazi ndisanalowe m'chipinda, monga timachitira pochokera kumanda. Mnzanga wa m'chipinda anaganiza kuti ndalowa Chisilamu.

Ndinabwerera kumudzi m'chilimwe, anthu atayamba kugalauza mizere. Bambo ndinawatengera mkanjo wautali, mayi nsalu ndi zipatso za kanjedza. Maso a bambo anali atayera kuposa mmene ndinawasiyira. Anandizindikira ndi mawu ndisanafike pafupi, koma nditawapatsa chithunzi chija anachiyandikiza pamphuno, n'kuchitalikitsa, n'kuchipereka kwa mayi.

"Tandiuzeni, pali chiyani apa?"

"Pali phiri losongoka," anatero mayi, "ndiye mwana wanuyu waligwira pansonga ndi chala."

"Phiri lanji limenelo?"

Ndikanatha kunena kuti ndi phiri basi. Koma ndinati, "Si phiri, bambo. Ndi manda a mfumu."

Nkhuku inadutsa pakati pathu.

"Bwera nacho kuno chalacho."

Ndinawapatsa. Anachigwira, kuchipinda, kuchifinya kunsonga ngati akuyesa nthochi.

"Chili bwino. Kapena manda a kunja sagwira." Sanachisiye msanga. "Iguputo wako wamuona. Wanga udzamuona liti?"

Ananena mokweza, mayi ali pomwepo. Ine ndinayang'ana pansi. Mayi anadzuka, n'kupita kuseri, n'kubwera ndi khasu, n'kuliika pafupi ndi njinga yamoto.

"Mupite mawa," anatero. "Mukuyesa sindimamva mukamanong'onezana kuseri kwa nkhokwe? Mnzanga uja wakhala m'thengo kokwanira."

Tinanyamuka m'mawa, bambo kumbuyo atandigwira m'chiuno, khasu litamangidwa m'mbali. Anaumirira kuvala mkanjo uja, moti pa Kasiya anthu ankatiyang'ana. Pageti la esiteti panatsala zipilala ziwiri. Zigafa kunalibe, pamene zinali panali minda ya anthu osiyanasiyana, ya soya ndi mtedza, yokololedwa kale. Bambo ankafunsa, ine n'kumayankha. Chigafa chomaliza? Palibe. Nyumba ya kapitawo? Pali mulu wa njerwa. Anati tiyambire pamulupo, titsike kumene nthaka ikutsetserekera, ndipo mapazi awo ankaidziwa njirayo kuposa maso anga.

Mkuyu anaudula. Tinapeza chitsa chachikulu chakuda, chowotchedwa mbali imodzi. Chapafupi panali bambo wina akugalauza, ndipo titamupatsa moni n'kumuuza chimene tadzera anavula chipewa. Anati iye anagula malowo koma pakamandapo salimapo, ngakhale mnzake wa mbali inayo amadyako mzere umodzi chaka chilichonse. Anatisonyeza ndi mlomo kachigawo ka udzu wouma, kakang'ono kuposa bwalo la pakhomo. Mitumbira inalipo, yophwa, yothithikana, yopanda mtanda kapena chizindikiro chilichonse. Ukapanda kuuzidwa ukanayesa mizere yakale ya mbatata.

Bambo anakana kuyandikira. Anati tsiku la maliro anaima pamkuyu, atandinyamula, ndipo dzenje linali pakati pa iwo ndi chulu. Akachoka pachitsapo asokonezeka. Chulu chinalipo kutsidya, ndipo anati akuchiona ngati mthunzi. Anaima atatsamira chitsa, n'kuyang'ana nthawi yaitali, maso akutuluka misozi chifukwa cha dzuwa, kapena chifukwa china.

"Ima kumbuyo kwangaku. Uyang'ane motsata mkono."

Ndinaima kumbuyo kwa phewa lawo. Anakweza mkono, dzanja atafumbata.

"Apo."

Ndinayang'ana. Chibakera chawo chinaphimba mitumbira itatu.

"Uti, bambo? Pamenepo pali itatu."

"Apo, iwe. Sukuona?"

"Ndikuona itatu."

Anatsitsa mkono, n'kupuma, n'kuukwezanso. Zinali chimodzimodzi. Bambo wa munda uja anayang'ana kumbali. Ndinaganiza zongolambula itatu yonse, ndipo ndinanena. Bambo anati ayi. Enawo ali ndi eni ake, ndipo iwo sanabwere mtunda wonsewu kuti ndidzalire pa mkazi wa mwini.

Mkono unali m'mwamba, m'kati mwa mkanjo wa ku Kairo. Kenaka ndinaona chibakera chikumasuka. Chala chamkombaphala chinatuluka pang'onopang'ono, chokhota, chakuda kunsonga, chimene chinathyola fodya wa eni ake pamalo omwewa, n'kuwongoka.

"Bambo, chala."

"Chiwole. Ndichisungira chiyani? Yang'ana msanga."

Unali wa kumanzere, waufupi, pamene panamera kamtengo ka mpoza. Ndinatenga khasu n'kuyenda, ndikucheuka kuti ndisataye mzere. Bambo sanatsitse chalacho mpaka nditafika n'kuika khasu pamtumbirapo.